Mahedi munandigulitsa aja sakupuma monga munalembera

Achimwene, inu amene mumagulitsa zida za injini zochokera kunja pa tsamba lino, ndalemba poyera chifukwa ku WhatsApp mwasiya kundiyankha. Mauthenga mukumawerenga, timizere tija tikumasanduka tabuluu, koma kuli zii. Ndikaimba mukumadula. Popeza malonda anu mumalengezera pano pomwe Amalawi anzathu a kuno ku Joni amaonera, dandaulo langa likhalanso pompano. Dzina la shopu sinditchula, mukudzidziwa nokha, ndipo lisiti ndili nalo.

Ndine makaniko pa galaja ina kum'mawa kwa Johannesburg. Miyezi iwiri yapitayo ndinagula kwa inu masilinda hedi (zivundikiro za pamwamba pa injini) awiri a aluminiyamu a Chevrolet 350, V8 ya malita 5.7 ija. Galimoto si yanga. Ndi C10 yakale, pikapu ya Chevrolet, ya bambo wina, kasitomala wathu, amene akufuna azikaithamangitsa ku Tarlton kufupi ndi Krugersdorp, pa kamtunda ka mamita 402 kaja. Ndine ndinawauza kuti asavutike, pali m'bale wanga wakumudzi amene amaitanitsa katundu wabwino. Mawu amenewo ndi omwe akundisowetsa tulo lero.

Pa chithunzi munaika paja panali manambala anayi: mavalavu a mainchesi 2.02 ndi 1.60, mapoti a 200cc, chemba (kachipinda kopsera petulo) ya 64cc, ndi ina yolemba zikuluzikulu, 280 cfm. Ine ndinalipirira yomalizayo. Kunyezimira kwa aluminiyamu sikukankha galimoto.

Anzathu amene simugwira sipanala, ndikufotokozereni pang'ono kuti musaone ngati tikukangana za ziii. Injini imapatsa mphamvu molingana ndi mpweya umene yameza. Petulo kuwonjezera n'kosavuta, koma lita imodzi ya petulo imafuna mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000 kuti ipse bwino. Mpweya wonsewo umadutsa mu hedi, m'njira yokhota imene timaitcha poti, n'kuzungulira valavu kenako n'kulowa mu silinda. Njira imeneyo ikakhala ndi chopinga, kaya muike kabuleta yaikulu bwanji, kaya kamu (chitsulo chotsegula mavalavu) yaukali bwanji, injini imabanika basi. Kuyeza kwake timagwiritsa ntchito makina otchedwa flow bench. Amayamwa mpweya kudzera mu hedi, valavu itatsegulidwa pa msinkhu wodziwika, n'kuwerenga ma cubic feet odutsa pa mphindi, ndiye cfm imeneyo. Cfm imodzi ndi malita pafupifupi 28 pa mphindi. Mphamvu yoyamwira imene ambiri amayezera masiku ano ndi ya mainchesi 28 a madzi. Omanga injini ali ndi kawerengedwe kawo kachidule: pa V8 yokonzedwa bwino, cfm iliyonse imatha kubala mahosipawa awiri ndi kakusefukira. Ndiye munthu akalemba 280, akulonjeza hedi yotha kudyetsa injini ya mahosipawa opitirira 550.

Injini ya bambowa inali kale ndi mahedi abwino ndithu, a Vortec, achitsulo aja General Motors inayamba kuika m'magalimoto ake akatundu mu 1996. Aliyense wodziwa injini za mtundu uwu, zotchedwa small block, amawalemekeza. Mavalavu ake ndi ang'ono, 1.94 ndi 1.50, poti yake ndi 170cc yokha, koma amapuma bwino kuposa mahedi ambiri akale otchuka. Vuto lake ndi loti valavu ikakwera kuyandikira theka la inchi, chogwira sipuling'i chimakagunda pamwamba pa gaidi (kapaipi koyendamo valavu), pokhapokha mutasema. Kamu imene tinasankha imakweza valavu kufika mainchesi 0.510. Tikanatha kungosemetsa a Vortec aja n'kusintha masipuling'i, ndalama yake yochepa. Ine ndi amene ndinati ayi, tiyeni tigule a 280. Ndinawauzanso kuti agule manifolodi yatsopano, chitsulo chogawira mpweya ku mahedi, chifukwa ya Vortec imamanga ndi mabauti 8 pomwe mahedi anuwa amafuna ya mabauti 12.

Katundu atafika, maso anga anakana ndisanayeze n'komwe. Nditachotsa valavu n'kupisa chala m'poti, ndinapeza kamzere kotumphuka pansi penipeni pa siti (pokhalira valavu ikatseka), pomwe mphete ya siti imakumana ndi aluminiyamu. Palibe anasalaza. Pamenepo ndi pakhosi, pomwe mpweya umathamanga kwambiri, ndipo kachitunda kakang'ono pamalo amenewo kamawononga kuposa dzenje lalikulu pakhomo pa poti. Mbali yapansi, pomwe mpweya umakhotera kutsikira ku valavu, m'malo mokhala mozungulira bwino pali ngodya yakuthwa. Mpweya ukafika pa ngodya yotere sukakamira kukhoma, umadumpha n'kuyamba kuzungulirazungulira, theka la valavu n'kumangokhala osagwira ntchito. Koma pakhomo pa poti, pomwe kamera imaona, mwapukuta mpaka mbuu ngati galasi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindinafune kukuimbani mlandu ndi chala chokha. Kutsutsa galu n'kukumba. Ndinanyamula mahedi onse awiri, pamodzi ndi Vortec imodzi imene tinatsitsa, n'kupita nawo kwa mkulu wina wokonza mahedi a mpikisano amene ali ndi flow bench yake ya SuperFlow. Ndinalipira ndalama yanga. Tinayeza pa mainchesi 28, pa boo (kukula kwa bowo la silinda) ya mainchesi 4.030 monga ilili injini yathu, pakhomo pa poti titaumba dongo lozungulira monga mwa lamulo lake. Mapoti onse asanu ndi atatu olowetsa mpweya tinawayeza, osati imodzi yokha yosankha.

Poti yabwino kwambiri inapereka 238 cfm valavu itakwera mainchesi 0.500, ndipo pa 0.600 inangofika 241 n'kuima, phokoso la mpweya litasintha, kuchita kumveka kuti ukugubuduka. Yoipitsitsa inapereka 224. Vortec yakale ija, ya mwaye wake, imene sinaonepo chopukutira, inapereka 226 pa 0.500. Taganizani, achimwene. Poti imodzi ya hedi yatsopano ya 200cc ikugonja kwa hedi ya galimoto yonyamula katundu ya 170cc.

Chimene chinandiwawa koposa ndi manambala apansi. Pa 0.200 ndi 0.300 Vortec inali patsogolo pa mapoti anu onse. Inu ogulitsa mumakonda nambala yapamwamba chifukwa ndi yaikulu, koma valavu sikhalitsa pamwambapo. Imafikapo kamodzi n'kubwerera, pomwe pa misinkhu yapakati imadutsa kawiri, pokwera ndi potsika. Hedi yofooka pakatipa yaluza kale, ngakhale itachita zodabwitsa pa 0.700 pomwe kamu yathu sidzafikako mpaka kalekale. Komanso poti yaikulu yodutsa mpweya wofanana ndi yaing'ono ndiye kuti mpweyawo ukuyenda mwaulesi. Liwiro lija ndi lomwe limapitiriza kukankhira mpweya mu silinda pisitoni itayamba kale kukwera. Likasowa, galimoto imadzuka mozengereza, ndipo pa mpikisano wa mamita 402 wochedwa kudzuka amangoona malaiti akumbuyo a mnzake.

Machemba tinayezanso ndi madzi. Munalemba 64cc. Tinapeza ina 62, ina 67. Ndiye kuti masilinda a injini imodzi akhala ndi kompuresheni yosiyana, wina akulira kuti taimingi yachuluka, mnzake akuti yachepa. Izi ndingozisiya apa, kuti nkhani isasokonekere.

Nditakutumizirani pepala la zotsatira, munandiyankha katatu musanakhale chete. Ndiyankha chimodzichimodzi, anthu amve okha.

Munati Johannesburg ili pamwamba, mpweya ndi wopepuka. Zoona, tili pa mamita pafupifupi 1,750, ndipo injini yopanda tabo imataya mphamvu pafupifupi 17 peresenti poyerekeza ndi ku Durban. Aliyense wothamangitsa galimoto kuno amadziwa. Koma zimenezo ndi za pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini. Mkulu uja asanayeze hedi iliyonse amayamba waika mbale yachitsulo yokhala ndi bowo lodziwika kale kuchuluka kwa mpweya wake, kuti aone ngati makina akunena zoona, ndipo anatero ine ndikuona. Nanga Vortec ija inayezedwera ku Durban? Inali m'chipinda chomwecho, tsiku lomwelo, mpweya womwewo, ndipo inapereka nambala imene mahedi a Vortec amadziwika nayo kulikonse. Phiri lasankha mahedi anu okha?

Munati makina amasiyana. Amasiyanadi, sindikana, flow bench ziwiri zimatha kusemphana ndi ma cfm angapo. Koma angapo si 39.

Kenako munati nambalayo ndi ya kufakitale, inu munangokopera. Apa ndiye pagona nkhani. Ndinakufunsani mafunso anayi: anayeza pa mainchesi angati, pa boo yanji, valavu itakwera pati, ndipo hediyo inali yongotuluka m'bokosi kapena inayamba yasemedwa? Simunayankhe ngakhale limodzi. Nambala ya cfm yopanda zinthu zimenezi ili ngati munthu wokuuza kuti chimanga akugulitsa 5,000 osanena kuti ndi ndowa kapena thumba. Ndikuonetseni momwe 280 imabadwira popanda kukhudza hedi. Mpweya umakwera molingana ndi square root ya mphamvu yoyamwira. Mukayeza pa mainchesi 36 m'malo mwa 28, nambala imakula ndi 13 peresenti, ndiye 241 yathu ija yasanduka 273. Mukaika hediyo pa boo yaikulu ngati 4.155, khoma la silinda limatalikira valavu ya 2.02 ija, mpweya n'kupeza malo, ma cfm ena n'kuwonjezereka. Mukasankha poti imodzi yabwino n'kuisalaza pakhosi, 280 ija ndi iyi yafika. Pa pepala palibe bodza, koma wogula wapusitsidwa. Sindikunena kuti munachita ndinu ndi manja anu. Ndikuti munatenga nambala yopanda mutu, n'kuikapo dzina lanu, n'kulandira ndalama.

Makampani odzilemekeza amaika tebulo lonse poyera, kuyambira 0.100 kapena 0.200 kukwera, mbali yolowa ndi yotuluka, n'kulemba boo ndi mainchesi a madzi, ngakhalenso kunena ngati ku ekizozi anaikako kapaipi, poti nako kamakweza nambala. Mahedi awo ndi odula, inde. Ine sindinayembekezere kuti anu afanane nawo pa chilichonse. Mukanalemba 240, mwina ndikanagulabe ndikudziwa kuti ndikasemetsa, kapena ndikanangokhala ndi Vortec. Kusankhako kukanakhala kwanga.

Wina wandiuza kale kuti, iwe, ingosalaza pakhosipo, udulenso masiti, zitheka. N'zoona, mkulu uja wati akhoza kuwadzutsa. Koma ntchito ya mapoti 16, masiti atsopano a ngodya zitatu ndi kulinganiza machemba, mukaiphatikiza ndi mtengo ndinakupatsani, ikufika pomwe ndikanagula mahedi a dzina. Ndipo ndikangowakhudza ndi chosemera, inu mudzati mwawononga nokha. N'chifukwa chake ali m'bokosi momwe anabwerera. Sanamangidwepo pa injini, sanaonepo moto.

Pakali pano C10 ija ili pa majeki sabata yachisanu ndi chimodzi. Bwana wanga akufuna malo. Kasitomala akabwera salankhulanso ndi ine, amalunjika ku ofesi. Inu mukudziwa mmene ntchito imavutira kwa mlendo kuno, ndi mmene Mmalawi amapezera ntchito chifukwa cha mbiri yoti ndi wokhulupirika. Mbiri imeneyo ndinakubwerekani, mwaibweza yong'ambika.

Zimene ndikufuna ndi izi. Mutenge mahedi anu, mundibwezere ndalama yonse pamodzi ndi imene ndinalipira poyezetsa. Manifolodi ndiona ndekha chochita nayo. Ngati mukukhulupirira kuti makina a mkulu uja ananama, sankhani flow bench ina iliyonse mu Gauteng muno, tipite tonse, tiyeze pa 28 ndi boo ya 4.030. Poti imodzi yokha ikafika 270, osati 280, ndilipira ndine ndipo ndidzapepesa pompano pomwe ndadandaulira. Chithunzi chija muchichotse kapena mulembepo tebulo lenileni, chifukwa dzulo ndaona mnyamata wina akufunsa mtengo pansi pake, inu n'kumuyankha msangamsanga, pomwe ine mukuti mulibe netiweki.

Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 la dziko lino, gawo 56, limapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu wosafika pa muyezo, ndipo wosankha pakati pa kukonza, kusintha kapena kubweza ndalama ndi wogula, osati wogulitsa. Ine ndasankha ndalama. Sindikufuna kukafika ku National Consumer Commission ndi munthu amene timadyera limodzi nsima pa maliro a anzathu kuno, koma pepala la zotsatira, zithunzi za m'mapoti ndi mauthenga anu atatu aja ndasunga.

Lachisanu ndiweruka 5 koloko. Mahedi adzakhala m'buti. Mundiuze kokumana.