Karisiti si chilolezo, musakwere ndege mapepala asanatuluke

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule nawo za mabanja omwe akung'ambika pakati chifukwa choti mmodzi anatuluka m'dziko lomwe akukhala mapepala ake okhazikika asanatuluke, pobwerera n'kumuuza pa eyapoti kuti pepani simukwera. Nkhani imeneyi imandiwawa chifukwa anthu ake si mbava ayi, ndi anthu oti anatsata ndondomeko yonse, analemba mafomu, kulipira ndalama zankhaninkhani, kukajambulitsa zala, n'kukhala phee kudikira yankho. Mlandu wawo ndi woti mayi awo anadwala mwakayakaya kapena bambo awo anamwalira, iwo n'kuthamanga ngati mmene mwana aliyense angachitire.

Chomwe chimapusitsa ambiri ndi karisiti. Ukapereka mafomu amakupatsa kapepala kosonyeza kuti pempho lako alilandira, ndiye munthu amakapinda bwinobwino n'kukaika mu pasipoti poganiza kuti kamuteteza kulikonse, pomwe kapepalako kamangonena kuti uli pa mzere basi. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. A kampani ya ndege sayang'ana risiti, amafuna viza kapena chitupa cholowera, chifukwa akakunyamula ulibe zimenezo iwowo ndi amene amalipitsidwa faini n'kukubweza pa ndalama zawo. N'chifukwa chake ambiri safika n'komwe kwa a imigireshoni, ulendo umathera pa kauntala pomwepo masutikesi ali m'manja.

Titenge ku America. Munthu amene akupempha green card, chitupa chokhalira m'dzikomo mokhazikika, ali komweko amalemba fomu ya I-485, ndipo lamulo lawo limati ukatuluka m'dzikomo yankho lisanabwere, ulibe chilolezo chapadera chomwe amati advance parole, boma limatenga kuti pempholo walisiya wekha. Chilolezocho amachipempha pa fomu ina ya I-131, ndipo kuyambira pa 1 Epulo 2024 chili ndi mtengo wakewake wa $630 pamwamba pa $1,440 ya I-485 ija, pomwe kale zinkalowa mu ndalama imodzi. Kungopempha sikokwanira, chikhale chitatuluka usananyamuke. Komanso aliyense ndi chake, bambo chawo, mayi chawo, ngakhale mwana.

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amagwera m'mbuna. Bambo amene ali pa viza ya ntchito ya H-1B kapena L-1 amaloledwa kuyenda n'kubwerera pempho lawo osafa, bola viza ili moyo ndipo akubwerera kuntchito yomweyo. Ndiye iwo amapita n'kubwera bwinobwino, kenako n'kuuza akazi awo kuti palibe vuto nanunso pitani mukaone odwala, osafufuza ngati mayiwo akadali pa H-4 kapena L-2, ma viza a apabanja a wogwira ntchitoyo, osakumbukiranso kuti mwana wawo wachisamba uja anakwana zaka 21 ndiye sakuwerengedwanso pa viza ya makolo. Nyumba imodzi, mafomu anaperekedwa tsiku limodzi, koma malamulo ake osiyana.

Ndiye pali chilango china chowawa zedi. Lamulo lomwe anakhazikitsa mu 1996 limati munthu amene anakhalapo m'dzikomo popanda chilolezo masiku oposa 180 akatuluka sangalowenso kwa zaka 3, ndipo ngati anakwanitsa chaka kapena kupitirira ndiye ndi zaka 10. Chilangochi chimagona tulo munthu akadali mkati, chimadzuka tsiku lomwe watuluka. Mu 2012 bwalo la apilo pa za imigireshoni linagamula kuti amene watuluka ndi advance parole chisamugwire, koma wongonyamuka ndi karisiti chimamugwira. Njira yopempha chikhululukiro ilipo inde, koma uyenera kuonetsa kuti mwamuna wako, mkazi wako kapena kholo lako lomwe ndi nzika kapena lili ndi green card livutika koopsa iwe ukapanda kubwerera. Kuvutika kwa mwana wako wobereka wekha sikuli pa mndandanda umenewo. Akonzi, taganizani, mwana wa zaka zinayi wobadwira komweko akulira usiku ndi usiku kufuna amake, koma pa pepala misozi yakeyo payokha sitsegula chitseko. Zaka 10 mwana amakhala wakula, mayi ake akumuonera pa foni.

Ngakhale uli ndi advance parole m'manja, mawu omaliza ali ndi ofisala wa pa eyapoti, akhoza kukulowetsa m'kachipinda kukufunsa mafunso kwa maola. Pempho lako likakanidwa iwe uli kunja, ndiye zavutiratu.

Si ku America kokha. Ku UK malamulo awo pa ndime 34K amati ukatuluka kunja kwa UK, Ireland, Isle of Man ndi Channel Islands pempho lako lisanayankhidwe, amalitenga ngati walibweza wekha kuyambira tsiku lomwe wanyamukalo. Ngati viza yako yakale inatha ukudikira, chomwe chimakusunga movomerezeka ndi gawo 3C la lamulo la 1971, ndipo nalonso limatha ukangotuluka m'dzikomo. Ku South Africa zinthu zinasintha mu Meyi 2014. Kale munthu ukapitiriza masiku unkalipira faini n'kumapita, pano amakudinda kuti ndiwe wosafunika, chaka chimodzi ngati sunapitirire masiku 30, zaka 5 ngati wapitirira. Kumeneko kupempha zokhazikika sikukupatsa ufulu wokhala, pemiti yako yakanthawi ija uzingoikonzetsabe mpaka yankho litabwera. Nthawi zina a Home Affairs, unduna woona za imigireshoni kumeneko, amatulutsa chilengezo chopepukitsira anthu omwe mafayilo awo achedwa, koma chimakhala ndi tsiku lothera komanso sichikhudza aliyense, munthu awerenge yekha osangomvera zam'maluwa.

Ine sindikutsutsa zoti dziko lililonse lili ndi ufulu wosankha olowa. Chomwe ndikukana ndi bodza lomwe lili mkati mwa lamuloli, loti munthu amene watuluka ndiye kuti zokhala m'dzikomo sakuzifunanso. Wasiya ana kusukulu, wasiya mwamuna, lendi ya mwezi walipira, kuntchito wapempha tchuthi cha masabata awiri, tikiti yobwerera ili m'thumba, nanga umboni wina woti akufuna kubwerera ndi uti? Komanso amene akuchedwetsa mafayilo miyezi mpaka zaka ndi maofesi omwewo, koma wolangidwa ndi wodikira. Akanakhala kuti amayankha msanga bwezi nkhani yonseyi kulibe. Matenda ndi imfa sizidikira kuti fayilo ifike pa tebulo la bwana. Zoona ku America ofesi ya imigireshoni ya USCIS imatha kupereka chilolezo changozi mwachangu ukabweretsa kalata ya dokotala kapena chiphaso cha imfa, ndipo amene ali pa vuto ayesere njira imeneyo kaye asanagule tikiti, koma munthu woti wangomva uthenga wa maliro usiku mutu wake sugwira, ndipo zikalata zimenezo kuti zichoke komwe kwagwa zovutako zimatenga nthawi. Boma lomwe limalemekeza banja likanaika lamulo losavuta, wapita kukaika kholo ndipo umboni ulipo, bwerera udzapitirize kudikira pa mzere wako.

Mawu anga ena apite kwa ife achibale otsala, chifukwa nafenso tili ndi mbali yathu. Timakonda kuimba foni n'kumati ngati subwera ndiye kuti watitaya, wayamba kunyada, ndalama zakuzunguza mutu. Munthu uja amamva chisoni ndi manyazi n'kukwera ndege akudziwa kuti loya anamuletsa. Zovuta zikatha aliyense amabalalika kubwerera kwake, iye n'kutsala pakhonde ntchito yatha, ana ali kutsidya la nyanja, ndipo omwe ankamukakamiza aja palibe ndi mmodzi yemwe amene angamulembere apilo. M'bale wanu akakuuzani kuti sindingathe kubwera mapepala sanatuluke, mukhulupirireni chonde. Nayenso akulira komwe aliko, ndipo kulira uli wekha kutali n'kowawa kuposa kulira pagulu.

Enanso ondikwiyitsa ndi alangizi a m'magulu a WhatsApp ndi Facebook, aja amati ine ndinapita chaka chatha palibe anandifunsa. Munapita inde, koma munali pa viza yanji? Munapitirizapo masiku? Malamulo asintha kangati chichokereni chaka chathacho? Nkhani za imigireshoni sizifanana ngakhale kwa anthu ogona bedi limodzi. Ma ejenti osadziwika bwino nawonso amangofuna komishoni ya tikiti. Funsani loya wovomerezeka wa m'dziko lomwe mukukhalalo, muuzeni zoona zonse kuphatikizapo masiku omwe munakhala opanda pemiti, ndipo mafunso ake akhale a munthu aliyense amene akwere ndegeyo payekhapayekha. Ndalama ya loya ya ola limodzi ndi yochepa poyerekeza ndi kuyambiranso mafomu onse uli kunja.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi loti nyuzipepala yanu ipeze maloya odziwa za imigireshoni azilemba m'Chichewa chomveka, dziko lililonse palokha, chifukwa malamulowa amalembedwa m'Chingerezi chovuta choti ngakhale ophunzira amasochera nacho. Owerenga anu ambiri ali ndi mwana kapena mlongo kunja amene akudikira yankho pano, ndipo ndi iwowo amene amaimba foni yoti bwera.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa