Za Botox ndi ma contact lens, tichenjezane

Akonzi,

Ndilembeko za jakisoni wa Botox uja ofafaniza makwinya, poti mu Blantyre muno azimayi anzanga ayamba kumutengeka. Ine ndinabayitsa mmbali mwa masomu mwezi watha koma pamalo pomwe ndinapitapo sanandifunse nkomwe ngati ndimavala ma contact lens, timagalasi tija toika m'kati mwa diso, ine osadziwa madzulo omwewo ndikukoka chikope kuti ndichotse lens, mawa lake mlamu wanga yemwe ndi nesi ndi amene anandikalipira.

Mankhwalawa amafooketsa minofu, ndiye ukamatikita kapena kukoka pamalo pobayidwapo tsiku loyambalo akhoza kusefukira ku minofu yokweza chikope, diso nkugwa ngati uli ndi tulo kwa masabata angapo. Komanso ena saphethira bwino akabayidwa pafupi ndi diso, maso amauma, ndiye lens mu fumbi la ku Limbe lija mwezi wa Okutobala, eee ndi moto.

Chotsani ma lens musanabayitse, valani magalasi mpaka mawa lake, musagone pansi maola 4 oyamba. Diso likafiira kapena kupweteka thamangani ku chipatala cha maso cha Lions Sight First ku Queens, osati kufunsa pa Facebook.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre