Kalata ya Agogo: Dziko Loyera la Pansi pa Mapu

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Mayi ako andiuza kuti wakhala ukuloza pansi pa mapu, paja pali poyera mbee, n'kumafunsa kuti kumeneko kuli chiyani. Khala pansi ndikuuze.

Dzikolo ndi Antarctica. Pakati pake pali dera lokwera kwambiri koma lathyathyathya, lopanda mtengo, lopanda udzu. Kulikonse kumene ungayang'ane ndi kuyera kokhakokha. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti munthu akaima pa South Pole, pamene ndi pansonga penipeni pa kummwera kwa dziko lapansi, amakhala ali mamita 2,835 kuchokera pamene pamalekezera nyanja, koma chimene wapondacho si dothi ayi. Ndi madzi oundana, okhuthala kuposa makilomita awiri ndi theka! Chipale chofewa chimagwako pang'ono chabe, koma poti sichisungunuka, chakhala chikusanjikizana kwa zaka zikwizikwi.

Kuzizira kwake usanene. Pa 21 Julayi 1983, pa siteshoni ya asayansi ya Vostok, anayeza n'kupeza madigiri 89.2 pansi pa ziro. Ngakhale mbalame zija za penguin umazikondazi sizifikako, zimathera m'mphepete mwa nyanja. Ndipo pa South Pole dzuwa limatuluka kamodzi kokha pachaka. Likatuluka limangozungulira kumwamba miyezi isanu ndi umodzi, kenaka likalowa ndi usiku wa miyezi inanso isanu ndi umodzi.

Komabe anthu anapitako wapansi. Mu Januwale 1909, Ernest Shackleton ndi anzake atatu anali atakwera mtsinje woundana wa Beardmore, akukoka okha katundu wawo. Atatsala ndi makilomita pafupifupi 180 kuti afike pa South Pole, chakudya chinali chitatsala pang'ono kutha. Iye anaganiza zobwerera. Ine bambo ameneyu ndimamulemekeza kwambiri, mwana wanga. Anavutika miyezi yonseyo, malo anawafuna ndi mtima wonse, koma anasankha miyoyo ya anzake, ndipo onse anayi anabwerera amoyo.

Woyamba kufika anali Roald Amundsen wa ku Norway, pa 14 Disembala 1911, ali ndi anzake anayi. Iwo ananyamuka ndi agalu 52 okoka katundu, ndipo anavala zikopa za ubweya monga anaphunzirira kwa anthu a mtundu wa Inuit, a kumadera ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi. Atafika anakhoma tenti yaing'ono, n'kusiyamo kalata yopita kwa mfumu ya kwawo, ndi ina yopempha Robert Scott wa ku Britain, amene nayenso anali pa ulendo wopita komweko, kuti akapereke kalatayo ngati iwo atafera m'njira.

Scott anafika pa 17 Januwale 1912, naye ali ndi anzake anayi. Taganiza mmene mitima yawo inasweka ataona mbendera ya eni ake ikupepeza kale. Pobwerera, njala ndi chisanu zinawagonjetsa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafika kwawo. Nthawi zonse ndikafika pamenepa ndimakhala kaye chete.

Lero pamalopo pali siteshoni ya asayansi yotchedwa Amundsen-Scott, maina a onse awiri pamodzi. Ena amakhalako nyengo yonse ya mdima ija, akuyeza mpweya ndi kuyang'ana nyenyezi.

Ukamadzabwera usadzaiwale mapu ako aja. Ndidzakugwira chala, tidzatsate limodzi njira ya Amundsen kuchokera kunyanja mpaka pakati penipeni. Upereke moni kwa mayi ako.

Ndine,
Agogo ako okukonda