Anzanga a ku Mangochi, manambala a pa katoni asatipusitse pogula masipika

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yathuyi ndiyankhule ndi anzanga okonda nyimbo ndi mafilimu, makamaka ife a kuno ku Mangochi komwe nyumba ikangofoleredwa malata chotsatira chimakhala sikilini ndi masipika basi. Ine ntchito yanga ndi yokonza mawailesi, ma TV ndi ma ampu okuzira mawu pa boma pano, ndiye zomwe ndikuona pa tebulo langa zikundiwawa mtima. Anthu akutaya ndalama zomwe azivutikira panyanja, kumunda, ena kuJoni, pogula zinthu zomwe sizitha ndi chaka chomwe, ndipo chomwe chikuwakola kwambiri ndi manambala akuluakulu olembedwa pa katoni aja.

Mukalowa m'shopu mupeza kasisitimu kakang'ono, kawufa kamodzi kotulutsa besi ndi timasipika tiwiri, pa katoni alembapo 10000W, mwina 20000W, W ameneyo ndi ma watt, muyezo wa mphamvu, wogulitsa naye nkumakuuzani kuti bwana iyi ikalira amva mpaka kutsidya kwa mlatho. Yang'anitsitsani pambali pa nambalayo mupeza timalemba toti PMPO. Imeneyo si mphamvu yomwe sisitimu imalira nayo ayi, ndi mphamvu yomwe akuti ingafike kwa kamphindi kochepetsetsa, ndipo palibe muyezo umodzi womwe makampani onse amatsata, aliyense amangolemba yomwe wakonda. Zili ngati munthu atukule matumba atatu a simenti kwa sekondi imodzi kenako nkumalengeza kuti atha kuyenda nawo mpaka ku Namwera. Nambala yomwe muzifunsa ndi ya RMS, imeneyo ndiye imanena mphamvu yomwe chinthucho chimatulutsa mosalekeza nyimbo ikulira. Ngati pa katoni sanalembe RMS, tembenuzani wufayo muone kumbuyo komwe kumalowa waya wa magetsi, pamakhala kachikwangwani konena magetsi omwe imadya. Mukapeza palembedwa 60W dziwani kuti nkhani yatha, chinthu chodya 60W sichingatulutse 10000W, mphamvu yotsalayo ichokera kuti? Ndipo musanyoze manambala ang'onoang'ono, pa sitingirumu wamba za kwathu kuno 30W kapena 50W ya RMS mbali iliyonse imakwana bwinobwino mpaka aneba kuyamba kudandaula.

Ine ndikatsegula mawufa ambiri omwe amabwera atafa ndimapeza bokosi lalikulu koma mkati mwake muli kabodi kochepa ngati chikhatho, maginito a sipika opepuka oti mwana anganyamule ndi zala ziwiri, matabwa ake opyapyala oti ukagogoda amalira phophopho. Magetsi othwanima a buluu ndi ofiira ndiye ali mbwee kutsogolo. Ndiye pogula musachite manyazi, inyamuleni mumve kulemera kwake, gogodani bokosilo. Sikuti chilichonse cholemera ndi chabwino, ma ampu a masiku ano ena ndi opepuka koma amphamvu, koma bokosi la wufa likakhala lopepuka ngati mulibe kanthu kawirikawiri besi yake imangokhala phokoso, imanjenjemeretsa malata koma gitala ya besi osaimva bwino. Onaninso dzina bwinobwino, pali zambiri zomwe amangosintha chilembo chimodzi kuti uziona ngati ndi Sony kapena Samsung pomwe si zimenezo.

Chomwe ndimawauza makasitomala anga ndi choti popita kogula tengani fulashi yanu kapena foni yanu, musalole kuti wogulitsa akuyikireni nyimbo yake, iwo amadziwa nyimbo yomwe imabisa zofooka, ya besi yokhayokha. Ikani nyimbo yomwe mumaidziwa bwino, ya kwaya kapena kaswida, yomwe muli mawu a anthu ambiri, mumve ngati mawuwo akumveka aliyense payekha kapena angosakanikirana. Kenako kwezani voliyumu pang'onopang'ono mpaka kupitirira theka, ikayamba kusasa kapena kung'ambika mawu ndiye kuti malire ake ndi pomwepo, zomwe zalembedwa pa katoni zisiyeni. Muyeserenso motsitsa kwambiri chifukwa usiku ana akagona mudzamvera motsitsa, ndipo sisitimu yabwino imamveka bwino ngakhale ili pansi. Wogulitsa akakana kuti muyese, tulukani, mashopu ndi ambiri.

Pa nkhani ya mafilimu ndiye pamene anthu amasokonezeka kwambiri. Aliyense akufuna 5.1 chifukwa masipika ake ndi ambiri ndiye zimaoneka zaulemu pa sitingirumu. Tanthauzo lake ndi loti masipika asanu ndi wufa imodzi, awiri kutsogolo, imodzi pakati yomwe imatulutsa mawu a anthu oyankhula, awiri kumbuyo kwa omwe akuonera. Koma kuti zimenezi zigwire ntchito filimuyo iyenera kukhala yojambulidwa mwa 5.1, chosewerera chake chizitha kuwerenga zimenezo, komanso kalumikizidwe kake kakhale ka waya wa HDMI kapena wa optical, kapena mawaya asanu ndi imodzi aja aliyense polowa pake. Tsono ife mafilimu ambiri timakopetsa pa fulashi kwa anyamata a pamsika, ena omasuliridwa m'Chichewa aja, amenewo mawu ake amakhala a mbali ziwiri basi, nthawi zina mbali imodzi. Mukalumikiza ndi waya wofiira ndi woyera uja kapena pa Bluetooth ndiye kuti ndi mbali ziwiri zomwezo, masipika a kumbuyo amangobwereza zomwe a kutsogolo akunena. Ndiye m'nyumba zambiri zomwe ndimapitako ndimapeza masipika onse asanu awaunjika pa kabati imodzi pafupi ndi TV, atawayala kansalu koluka pamwamba, ndalama ya 5.1 yangopita pachabe. Kwa ine, munthu wa sitingirumu yaing'ono bola agule 2.1 yabwino, masipika awiri ndi wufa, kusiyana ndi 5.1 yotchipa. Ngati TV yanu ili ndi polowa polembedwa HDMI ARC, soundbar, sipika yaitali yoika pafupi ndi TV, nayo ndi yabwino, waya ndi mmodzi ndipo rimoti ya TV yomweyo imakweza ndi kutsitsa.

Nyumba nayo imayankhula. Zathu zambiri pansi ndi simenti kapena matailosi, makoma opanda kanthu, kumwamba malata opanda siling'i, ndiye mawu amangogundagunda nkumamveka ngati muli m'holo. Musanathamangire kugula sisitimu ina yesani kuyala kapeti kapena mkeka, makatani olemererako, muona kusintha. Masipika awiri aja atalikirane, wina uku wina uku TV ili pakati, akhale mulingo wa makutu mukakhala pa mpando. Wufa ikhale pansi, mukaikankhira pakona besi imachuluka, ikachulukitsa ikokeni pang'ono.

Koma chomwe chikupha zinthu zambiri kuno ndi magetsi ndi kutentha. Magetsi athu ndi a 230V, akazima nkubweranso nthawi zina amabwera ndi mphamvu, chimayamba kupsa ndi mbali yolandira magetsi mu ampu. Munthu amalolera kugula sisitimu yodula koma TV guard yoteteza katundu magetsi akabwera ndi mphamvu, yomwe ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi sisitimuyo, amaiona ngati kuwononga ndalama. Gulani chonde, ndipo magetsi akazima kapena kukamachita ziphaliwali zulani ku khoma. Abale athu a kuJoni akatitumizira katundu, mphamvu ya magetsi ndi yofanana ndi yathu, vuto ndi pulagi, ya ku South Africa mano ake ndi obulungira pomwe masoketi athu ndi a mano a makona. Ndiye anthu amadula pulagi nkulowetsa mawaya osenda mu soketi mothandizidwa ndi kamtengo ka machesi, zimenezi zimathetheka moto ndipo zitha kuotcha nyumba, pulagi yatsopano siidula ndipo kuimanga ndi mphindi zochepa. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kuno mukukudziwa, ampu isatsekeredwe mu kabati ya galasi kapena kufunditsidwa nsalu ikulira, imafuna mpweya, ndipo fumbi muzilipukuta m'timabowo take.

Anzanga a ku Makanjira, Katuli ndi madera ena omwe mumadalira sola, inu ndiye muziwerengera kwambiri musanagule. Batire ya 12V ya 100Ah imasunga pafupifupi 1200Wh, Wh ndi muyezo wa magetsi osungidwa, ma watt kuchulukitsa ndi maola, koma mabatire wamba aja safuna kuwamaliza kupitirira theka ngati mukufuna akhalitse, ndiye muli ndi 600Wh. Sisitimu ikamadya 60W, TV 50W, mupeza maola asanu okha basi, osawerengera mababu ndi kutchaja mafoni. Bola kufuna sisitimu yolowa 12V mwachindunji kusiyana ndi kudutsira pa inveta yomwe nayo imadyako gawo lake, ndipo ma inveta otchipa amalowetsa kaphokoso ka nzzz m'masipika. China, omwe mumagula ampu payokha nkumalumikiza masipika a m'galimoto kapena opangitsa kwa akalipentala, onani ma ohm, nambala yonena mmene sipika imakanizira magetsi kudutsa. Masipika awiri a 8 ohm mukawamanga pamodzi, waya wofiira ku wofiira wakuda ku wakuda, amakhala 4 ohm, mukawonjezera ena amatsikabe, ampu imatentha mpaka kupsa. Kumbuyo kwa ampu amalemba ma ohm omwe imalola, musatsike kuposa pamenepo.

Ndisaiwale za makutu ndi aneba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asamamvere phokoso lopitirira ma decibel 80, womwe ndi muyezo wa kukula kwa phokoso, kwa maola 40 pa sabata, ndipo khutu likawonongeka ndi phokoso silibwereranso. Ngati mukuchita kukuwa kuti mnzanu yemwe mwakhala naye pampando akumveni ndiye kuti mwakweza kwambiri, ganiziraninso ana omwe amakhala pansi pafupi ndi wufa. Kuno timakhala moyandikana, wina akudwala, wina akuswali, wina wabwera m'mawa kuchokera kokoka usipa akufuna agone, tiyeni tizimverana chisoni.

Pempho langa, Akonzi, lipite kwa a Malawi Bureau of Standards ndi a Competition and Fair Trading Commission, abwere adzayendere mashopu a zamagetsi kuno ku Mangochi, Monkey Bay ndi Namwera, aone zomwe zalembedwa pa makatoni ngati zikugwirizana ndi zomwe zili mkati, ndipo ogulitsa azikakamizidwa kulemba RMS poonekera komanso kupereka lisiti ndi walanti yolembedwa. Ogula nanunso muziumirira lisiti yokhala ndi dzina la shopu, tsiku ndi nambala ya katunduyo, chifukwa chikafa pakatha sabata ziwiri mulibe pepala m'manja wogulitsa amangoti sakukudziwani.

Wokonza zamagetsi,
Mangochi Boma