Usawachotse ana m'nyumba ya Mulungu

Naphiri, mwana wanga,

Amayi ako agona, sakudziwa kuti ndikulemba. Ine tulo tandithawa kuyambira Lachiwiri, tsiku limene azakhali ako anabwera kudzationa n'kulankhula mawu amene ndinawakanira pamaso pawo. Akuti kuyambira pa Pasaka sunapondeko ku tchalitchi, ndipo ana sukuwaperekezanso ku Sande sukulu. Ndinati bodza limenelo, mwana wanga ndimamudziwa. Atachoka m'pamene ndinakumbukira kuti masiku ano foni yako imalira kuno Lamulungu masana ife titangoweruka, nthawi imene kwanuko ku Leeds, ku England, umayenera kukhala uli m'mapemphero. Ndinakhala pakhonde mpaka kunada.

Bwanji osandiuza wekha? Zoti ndizimvera kwa anthu ngati ndine mlendo? Zimenezi zandipweteka, ngakhale si zimene zandilanda tulo.

Mchimwene wako ndiye wandifotokozera gwero lake, ndipo wandionetsa pafoni zonse zimene unamutumizira. Akuti mdzukulu wanga anabwera kunyumba ndi kabuku kopanda mawu kaja, ka tsamba lakuda la tchimo, lofiira la magazi a Yesu ndi loyera la mtima wotsukidwa. Ndiye madzulo ukumusambitsa anakufunsa ngati iyenso Yesu adzamutsuke kuti ayere ngati anzake a m'kalasi. Mwana wa zaka 7! Ndalira, Naphiri. Ndalira chifukwa kabukuko ndimakadziwa. Kanayamba ndi mlaliki wa ku London, Charles Spurgeon, mu 1866, kenaka kanayenda dziko lonse mpaka kanafika m'dzanja langali. Ndinakagwira zaka zambiri pansi pa mkuyu uja wa kuseri kwa tchalitchi. Iwenso unalipo, utakhala pamuzu, kadiresi kabuluu kaja amayi ako anakusokera pa Khirisimasi. Ndinkakweza tsamba lakuda n'kufunsa kuti ichi n'chiyani, nonse n'kuyankha mokweza kuti tchimo. Ana akuda bii ngati ine, kuloza chinthu chakuda n'kuchitcha tchimo, ine n'kumaombera m'manja. Sindinaonepo cholakwika. Ndinkati kuno tonse ndife ofanana, palibe woti ayerekeze dzanja lake ndi la mnzake. Koma lero ndikudzifunsa ngati panalibe mwana amene anakayang'ana dzanja lake usiku. Iwe unaliyang'ana? Undiuze zoona.

Chilankhulo chathu chomwechi nacho chimatikola. Timati Mzimu Woyera, madzi oyera, mzungu woyera, liwu limodzi. Timati kuda nkhawa, kuda munthu, mtima wakuda, munthu wakuda, liwu limodzinso. Davide mu Salimo 51 akupempha kuti atsukidwe ayere koposa matalala, ndipo iye sankanena za khungu ayi, ankalirira zimene anachitira Uriya ndi mkazi wake. Ife tikamva vesi limeneli tinkaganiza za matalala amene amaboola fodya m'munda. Koma mwana amene ndi wakuda yekha m'kalasi lonse amamva zina. Apa sindikukutsutsa ngakhale pang'ono. Ndinkati tsabola wakale sawawa, koma wamuwawa mdzukulu wanga.

Nyimbo imene unatumiza ija, "From Greenland's Icy Mountains", ndinaiimba ine m'Chingerezi ku koleji ya aphunzitsi. Ndinkaikonda chifukwa besi yake imayenda bwino. Anailemba Reginald Heber mu 1819, yemwe pambuyo pake anakakhala bishopu ku Calcutta, ku India. Mkati mwake akunena kuti pachilumba cha Ceylon (lero Sri Lanka) zonse n'zokongola, chonyansa ndi munthu yekha, ndiponso kuti wachikunja mu khungu lake amagwadira mtengo ndi mwala. Ukawatembenuzira m'Chichewa mawuwo amaluma kawiri, pakuti khungu la m'maso ndi khungu la pathupi timalilemba mofanana. Tinkaimba titavala mataye, zifuwa zili m'mwamba, osazindikira kuti achikunja akunenedwawo ndi agogo athu enieni, anthu amene ankadziwa Chauta ndi Namalenga mzungu asanafike. Gandhi anadandaula za mawu amenewa pamaso pa amishoni mu 1925, ine ndisanabadwe n'komwe, koma ife tinapitirizabe kuiimba. Mabuku ambiri a nyimbo a masiku ano anaisiya, ndipo anachita bwino. Chimodzimodzi ndime ija ya mu "All Things Bright and Beautiful", ya Cecil Frances Alexander ya mu 1848, yonena kuti wolemera m'nyumba yake yachifumu ndi wosauka pachipata chake, Mulungu ndiye anawaika pamalo awowo. Mipingo yambiri imaidumpha tsopano. Agogo ako aamuna amene anavulapo chipewa m'njira chifukwa mzungu akudutsa sakanaimvetsa ndime imeneyo ngati nyimbo ya maluwa ndi mbalame.

Za mabuku a ana amene unachotsa pashelefu, sindilimbana nawe. Buku lakale la Doctor Dolittle la mu 1920 lili ndi mwana wa mfumu wa ku Africa amene akuchonderera kuti amusandutse nkhope ikhale yoyera. Limenelo asaliwerenge yekha mdzukulu wanga. La Tintin ku Congo nalonso, zithunzi zake ndaziona, milomo ija ndi maso aja, si anthu amene ajambulidwa pamenepo. Munthu wina wa ku Congo anakasuma ku Brussels kuti liletsedwe, khoti linakana mu 2012. Roald Dahl anachita kusintha yekha mu 1973 antchito a m'fakitale ya chokoleti aja, amene m'buku lake la mu 1964, Charlie and the Chocolate Factory, anali anthu aafupi otengedwa ku Africa. Mu 2021 eni mabuku a Dr. Seuss anasiya kusindikiza mabuku 6 chifukwa cha zithunzi zotere. Kwanuko anthu amakangana, ena akuti asinthe mawu, ena akuti asiye momwe analembedwera kuti ana adziwe mmene zinalili. Ine monga mphunzitsi ndingati usawataye. Aike m'katoni. Akadzafika zaka 14 udzawatulutse, mudzawerenge limodzi, adzaone ndi maso ake mmene anthu ankatiganizira. Koma awo ndi mabuku, Naphiri. Buku ukhoza kulitsekera m'katoni. Mulungu ukufuna kumuika m'katoni iti?

Apa ndiye pali nkhawa yanga. Wakwiya ndi nyimbo, wakwiya ndi kabuku, ndiye wawatulutsa ana m'nyumba ya Mulungu. Amayi ako akapeza timiyala mumpunga amakhala pansi ndi lichero n'kusankha. Unayamba wawaona akukhuthulira thumba lonse kudzala?

Ukuyesa ndiwe woyamba kuziona izi? Mpingo wathu uno unabwera ndi amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Cape ku South Africa, Murray ndi Vlok, amene anafika pa Mvera mu 1889. Mpingo womwewo kwawoko, mu 1857, sinodi yake inalola kuti akuda ndi oyera azipemphera kosiyana, akuti chifukwa cha kufooka kwa ena. Kuchokera pamenepo tsankho linamera mizu mpaka abusa ena analidalitsa paguwa. Izi ndakhala ndikuzidziwa zaka zambiri ndipo sindinakubisire mwadala, kungoti sunandifunse. Koma amene anadzuka n'kunena kuti tsankho ndi tchimo pamaso pa Mulungu anali Akhristu a m'banja lomwelo la mipingo, anthu osalidwa aja, amene anavomereza chivomerezo cha Belhar mu 1986. Anamenya nkhondoyo Baibulo lili m'manja. John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa ndalama zimene umatitumizira zikasinthidwa, anali mbusa. Anamanga tchalitchi ku Mbombwe, anaona thangata, anaona anyamata athu akutengedwa kukafera nkhondo ya azungu mu 1914, ndipo mpaka anafa mu 1915 sanasiye kupemphera. Kumpoto, Mawelera Tembo ndi Peter Thole anatenga maimbidwe a Chingoni n'kupeka nyimbo zotamanda Mulungu zimene anthu akuimbabe lero. Anthu amenewa anaona zoopsa kuposa tsamba lakuda la kabuku. Iwe waona chiyani choti chikuthawitse?

Pepa, ndalankhula mwaukali. Ndikudziwa kuti kukhala m'dziko la eni si masewera, ndipo mwana wako akalira chifukwa cha khungu lake mtima wa mayi umatentha. Ine sindinakhaleko kumeneko. Zimene umakumana nazo pabasi ndi kuntchito ndimangomva. Koma ndine bambo wako, ndiyenera kunena.

Unalembanso kwa mchimwene wako kuti "Amazing Grace" anailemba munthu wogulitsa akapolo. Ndi zoona. John Newton anali kapitawo wa zombo zonyamula akapolo kuchoka ku West Africa. Choipanso n'chakuti atasiya ntchitoyo anakhala chete zaka zoposa 30, n'kudzalemba poyera zodzudzula malondawo mu 1788. Anachedwa kwambiri. Komabe zidzukulu za akapolo omwewo ku America zinaitenga nyimboyo n'kuisandutsa yawo, zimaiimba m'matchalitchi ndi m'maliro awo mpaka lero. Ukufuna ukawauze kuti akulakwa?

Ndakumbukira usiku uja malungo anakugwira uli sitandade 3. Tinakunyamula panjinga mdima uli bii, amayi ako akuthamanga pambuyo ndi nyali. Kuchipatala unakomoka kawiri. Chakum'mawa unatsegula maso n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya imene tinkaphunzira sabata imeneyo, mawu osamveka bwino, milomo itauma gwa. Amayi ako anagwada pasimenti pomwepo. Sindikudziwa chifukwa chake ndalemba izi. Zangobwera.

Tamvera tsono. Pita ukaonane ndi mphunzitsi wa Sande sukuluyo, upite ndi bambo a ana, usapite wekha uli ndi mkwiyo. Mwina ndi mayi wachikulire amene sanaganizepo, monga mmene ine sindinaganizire zaka zonse zija. Mufotokozere funso limene mwana anafunsa m'bafa, mawu ake omwewo. Ngati ali ndi mtima asintha. Akakana, kaonane ndi abusa. Akakananso, chokapo, mipingo ya anthu a ku Africa ilipo yambiri m'mizinda ya ku England. Koma uchoke kupita kwina, osati kukakhala pampando n'kumaonera wailesi yakanema Lamulungu.

Ndipo mwanayo umuwerengere wekha. Mutsegulire Nyimbo ya Solomo 1:5, pamene mkwatibwi akunena kuti ndi wakuda ndiponso wokongola. Muuze za pa Numeri 12, pamene Miriamu ananyoza Mose chifukwa cha mkazi wake Mkusi, ndipo amene analangidwa ndi Miriamu, khungu lake n'kuyera mbuu ndi khate. Muuze za nduna ya ku Ethiopia pa Machitidwe 8, imene inabatizidwa uthenga usanafike n'komwe ku Britain. Wina akadzamuuza za temberero la Hamu, kuti ndilo linadetsa khungu lathu, mutsegulire Genesis 9 awerenge yekha, aone kuti wotembereredwa ndi Kanani ndipo za khungu mulibemo. Zimenezi ndikanayenera kukuphunzitsani pansi pa mkuyu paja m'malo mokweza tsamba lija. Lamulungu lapitali ndapempha aphunzitsi athu a Sande sukulu kuti tikhale pansi tikambirane za kabukuko. Mmodzi anaseka, akuti nkhani za ku Ulaya. Ndibwereranso.

Ndikuuze chimene chimandiopsa kwenikweni. Ndakalamba, Naphiri, shuga uja sakutsika. Tsiku lina mudzakwera ndege kubwera kudzandiika. Usiku wa pasiwa amayi a Chigwirizano adzaimba mpaka kucha monga anachitira pa maliro a agogo ako, iwe uli pakati pawo ukutsogolera ndi mawu ako aja. Ndiye ndimaona adzukulu anga ataima kumbuyo, osadziwa ngakhale ndime imodzi, akuyang'ana ngati alendo odzaona malo. Chichewa akuchitaya kale, ndimamva pafoni. Ukawalandanso nyimbo adzatsala ndi chiyani chowalumikiza ndi ife? Akadzakumana ndi usiku wawo wa malungo, iwe kulibe, ine kulibe, adzang'ung'udza chiyani?

Usawachotse, mwana wanga. Dula ndime yoipayo, ng'amba tsambalo ngati ukufuna, ine ndikuthandiza kung'amba. Koma usawachotse.

Mwezi wamawa mwana wa aneba athu akubwerera ku Manchester. Ndimupatsira buku langa la Nyimbo za Mulungu, lija lachikuto chong'ambika, limene ndinalembamo manotsi ndi pensulo. Amayi ako aikamo usipa ndi ufa wa mgaiwa pang'ono, ngati angalole pabwalo la ndege. Ukalandira undiimbire, ndipo umupatse foni mdzukulu wanga. Ndikufuna ndimupepese ndekha za tsamba lija, kenaka ndimuphunzitse nyimbo ija unaimba kuchipatala. Uimbe Loweruka, chifukwa Lamulungu masana sindikufuna kumva foni ikulira.

Moni kwa apongozi anga ndi ana onse.

Ndine bambo wako.