Tilembereniko za biathlon ya achinyamata

A Mkonzi,

Pa tsamba lanu la zamasewera, tipatseniko nkhani za biathlon ya achinyamata, masewera ophatikiza kuthamanga pa chipale chofewa ndi kuwombera mfuti. Mpikisano wawo wa dziko lonse umakonzedwa ndi bungwe loyendetsa masewerawa la International Biathlon Union (IBU). Mu 2024 unachitikira ku Otepää, Estonia, ndipo mu 2025 ku Östersund, Sweden.

Ndinauonera pa intaneti ndipo mpaka lero sukundichoka m'mutu. Mwana amathamanga pa chipale chofewa atavala ma ski (timatabwa tatitali totsetserekera), mfuti ili kumsana. Akafika powombera ali wefuwefu, mtima uli phaphapha, amagona chafufumimba n'kulunjika timabwalo tisanu tili pa mtunda wa mamita 50. Kabwalo kalikonse n'kotambalala mamilimita 45 basi, kamakula kufika 115 akamawombera choimirira. Pa mpikisano waufupi wotchedwa sprint, akaphonya kamodzi amakazungulira mamita 150 ngati chilango, anzake n'kumupitirira.

Chinandigwira mtima n'kuona mtsikana wina ataphonya kawiri. Sanagwetse nkhope. Anakazungulira chilango chake, nabwerera kudzawombera modekha, mpweya ukufuka m'kamwa ngati utsi, ndipo timabwalo tonse tisanu anatilasa.

Ana athu awerengeko zoterezi, chonde, ngakhale kandime kamodzi kokha.

Ine wanu,
Wowerenga wokhulupirika