Eti nyimbo sizitayikanso masiku ano? Kafunseni a Sonic Youth

Akonzi,

Ndayesetsa kuugwira mtima sabata yonseyi koma zandikanika, nde ndiloleni ndiyankhuleko. Mlembi wanu wa tsamba la zisangalalo uja analemba Loweruka lapitali, ndawerenga ndi maso angawa kawiri konse, kuti masiku ano palibenso nyimbo yomwe ingatayike poti chilichonse chili pa Spotify ndi YouTube, ndipo chitsanzo chake anakatola bandi ya ku America ya Sonic Youth, eti ukaifuna ungotsegula foni basi waipeza yonse. Yonse? Abale inu, mabandi onse ali padziko panowa munthu n'kukasankha Sonic Youth kuti ikhale umboni woti nyimbo sizitayika, ndi chimodzimodzi kutilozera nyumba yakupsa n'kumatiuza kuti taonani kulimba kwa udzu.

Mwina bwanawo anali asanayambe kulemba pa 1 June 2008 pomwe moto unabuka pamalo ojambulira mafilimu a Universal Studios ku Hollywood, anthu okonza denga atagwiritsa ntchito chida cha malawi, moto n'kuwolokera m'nyumba yomwe kampani ya nyimbo ya Universal Music Group inkasungiramo matepi oyambirira a oimba ake. Nthawi imeneyo nkhani inali ya chidole cha King Kong chomwe chinapsa, za matepi a kampani anangoti musadandaule sizinaonongeke zambiri, ndipo dziko linakhulupirira zaka 11 zathunthu mpaka mtolankhani Jody Rosen anafukula nkhaniyi mu New York Times Magazine mu June 2019, n'kuonetsa kuti zikalata za kampani yomweyo zimakamba za nyimbo pafupifupi 500,000 zomwe zinapsa. Ndiye mu 2020 nkhani ili kukhothi kampaniyo inavomera kuti matepi a oimba 19 anapsa kapena kuonongeka, ndipo pamndandandapo pali Nirvana, R.E.M., Beck, komanso, tamverani bwino a mlembi, Sonic Youth yanu yomwe ija.

Chomwe chandipweteka kwambiri n'choti munthu wolipidwa kuti azilemba za nyimbo sakusiyanitsa chimbale ndi tepi ya mu situdiyo. Funsani injiniya aliyense, ngakhale wa situdiyo ya kuchipinda chogona ku Ndirande, akuuzani kuti patepi yoyambirira ng'oma zimakhala pazokha, gitala payekha, mawu paokha, ndipo pamakhalanso zomwe sizinalowe m'chimbale, nyimbo yomwe anaijambula kasanu n'kusankhapo imodzi, ina anaisiyira panjira, ina anaimaliza bwinobwino koma malo anachepa. Zomwe zili pa Spotify ndi nsima yomwe inafika patebulo. Chomwe chinapsa ndi nkhokwe. Nyimbo yomwe sinatulukepo ilibe kope kwa munthu aliyense, siili pa kaseti ya msuweni wanu, siili pa memori khadi ya pamsika, ikapsa yapsa, ndiye mukaisaka pa foni muilemba dzina loti chani poti ngakhale dzinalo simunalimvepo?

Ndipo Sonic Youth si bandi yoti zotsala zake n'zinyalala ayi. Anthu awa, Thurston Moore, Kim Gordon ndi Lee Ranaldo, anayamba ku New York mu 1981, Steve Shelley n'kudzalowa pa ng'oma pambuyo pake, ankachuna magitala mwanjira yawoyawo, kulowetsa timitengo ta ng'oma ndi sikuludiraiva pansi pa nsambo kuti patuluke kaphokoso komwe wina sangakabwereze. Mu 1999 akuba atawabera galimoto ya zida zoimbira ku California nyimbo zina zinavuta kuimbanso chifukwa gitala aliyense anali wokonzedwera nyimbo yakeyake, nde tangoganizani, ngati kuba gitala kunasokoneza chonchi, nanga kupsa kwa tepi? Chimbale chawo cha 1988, Daydream Nation, laibulale yaikulu ya boma la America, Library of Congress, inachiika m'kaundula wa zojambula zofunika kusungidwa mpaka kale, ndipo ndi iwowa omwe anakokera Nirvana ku kampani ya Geffen komwe okha anatulutsirako chimbale cha Goo mu 1990. Bandi inatha mu 2011 banja la Moore ndi Gordon litasokonekera, sabwereranso mu situdiyo kukajambula zomwe zinatayika. Koma ayi, kwa mlembi wanu zonse zili bwino, bandulo ilipo, netiweki ikugwira.

Ine bandi imeneyi ndinaidziwira pa kaseti yomwe achimwene anabwera nayo kuchokera ku Joni, yojambulidwa kuchokera pa kaseti inzake, mawu ake ngati ukumvera wailesi mvula ikugwa pamalata, ndipo mayi ankati tizimitse zikuwawitsa mutu, komabe ndinaisunga mpaka inadyedwa ndi wailesi. Nde musandiuze ine za kusatayika.

Chodabwitsa n'choti zomwe abandiwo anasunga okha ndi zomwe tikumvera lero, makonsati akale omwe akhala akuika pa webusaiti ya nyimbo ya Bandcamp, ndi chimbale cha In/Out/In cha mu 2022 chomwe muli zomwe anajambula pakati pa 2000 ndi 2010. Kampani ya mabiliyoni, maloya mbwee, inaunjika chuma cha anthu m'nyumba imodzi pafupi ndi malo oseweretsa alendo, mlandu womwe oimba ena anakasuma woweruza n'kuuthetsa mu 2020, aliyense n'kubwerera kwawo. Ndipo izi n'za ku America komwe kuli ozimitsa moto ofika nthawi yake. Kuno kwathu bwanji? Matepi a Allan Namoko, a Daniel Kachamba, a magulu a kwaya a m'ma 1970 aja, ndi ma hadi diraivi a anyamata a masiku ano omwe chimbale chonse chimakhala pa laputopu imodzi yoti magetsi akabwera mwamphamvu yapita, ndani akuziyang'anira? Tsamba lanu la zisangalalo limatha ndi zithunzi za amene wavala chani ku shoo, funso ngati limeneli ayi.

Chonde lembani kachidule kokonza cholakwikacho Loweruka likubwerali, patsamba lomwelo osati kukabisa pansi pa zotsatsa malonda, ndipo mlembiyo mumutume akacheze tsiku limodzi ndi anthu osunga matepi akale aone ndi maso ake, thiransipoti ikavuta ndimulipirira minibasi ine.

Wowerenga wanu wokhumudwa,
Chilomoni, Blantyre